Mukapita ku Luxor, mukafike kumudzi wa adzukulu

Sitima ya usiku yochokera ku Cairo imafika ku Luxor kunja kutayera, itayenda maola pafupifupi 10 motsata mtsinje wa Nile kulowera kum'mwera. Ine ndinaikwera Lachinayi madzulo, poti ku Egypt anthu amapuma Lachisanu ndi Loweruka, Lamulungu m'mawa aliyense ali pantchito. Ndinali ndi masiku awiri okha. M'thumba la malaya munali kapepala komwe mnzanga anandilembera malo 14 oti ndisabwereko ndisanawaone. Ndinaonako 6. Nditabwerera mnzangayo anati ndangomwaza ndalama, koma ine mpaka lero ndimaona kuti ndinachita bwino, ndipo ndikufuna ndifotokoze chifukwa chake kwa aliyense amene tsiku lina mwayi udzamugwera wokafika kumeneko.

Ganizo langa ndi lakuti masiku awiri ku Luxor amakwanira munthu amene wavomera kusiya zambiri. Ndipo pa zochepa zomwe angasankhe, malo oyamba kuwasungira nthawi asakhale manda a mafumu, koma mudzi wa anthu amene anakumba mandawo.

Timvetsane kaye za kukula kwa malowa. Luxor wa lero wakhala pamwamba pa mzinda womwe Agiriki ankautcha Thebes, eni ake akuti Waset. Owerenga Baibulo amaudziwa ndi dzina loti No-Amoni, mzinda womwe mneneri Nahumu anautchula pochenjeza Nineve, Asuri atausakaza mu 663 BC. Unali likulu la chipembedzo cha mulungu Amun, ndipo nthawi yomwe Egypt anali pachimake, kuyambira cha m'ma 1550 mpaka 1070 BC, chuma chochokera kumayiko ogonjetsedwa chinkathera kuno. Bungwe la UNESCO linaika malowa pamndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi mu 1979. Tsidya la kum'mawa kuli akachisi awiri akuluakulu, Karnak ndi kachisi wa Luxor. Tsidya la kumadzulo, kolowera dzuwa, ndi kwa akufa: Chigwa cha Mafumu chokhala ndi manda oposa 60, Chigwa cha Mafumukazi, manda a nduna mazanamazana m'mbali mwa phiri, ndi akachisi omwe mafarao ankadzimangira kuti azikumbukiridwamo. Pali akatswiri amene akalambira pa kachisi mmodzi. Nanga wa masiku awiri achite bwanji?

Ambiri amangodalira miyendo. Mabasi ochokera ku Hurghada, kugombe la Nyanja Yofiira, amanyamuka kukadali mdima, kuyenda maola anayi m'chipululu, n'kutsitsa anthu dzuwa litakwera kale. Wowaperekeza amakhala patsogolo atakweza kambendera, akutchula mayina a mafumu ndi zaka zawo, gulu lili pambuyo piringupiringu. Ndinaona mayi wina akudutsa pakati pa mizati ya Karnak maso ali pafoni, akujambula kumanja ndi kumanzere, ndipo mpaka anatuluka sindinamuone atakweza mutu kuti aone ndi maso ake. Sindikumunyoza. Analipira ndalama zambiri ndipo anauzidwa kuti basi inyamuka pakatha ola. Koma ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Munthu ukalowa manda atatu ndi akachisi atatu tsiku limodzi, dzuwa likuswa mtengo, pofika madzulo miyala yonse imafanana. Umabwerera ndi zithunzi mazana asanu, koma wina akakufunsa kuti apa ndi pati, umayamba kukanda m'mutu.

Ku Karnak ndinalowa cha m'ma 6 koloko m'mawa, chikwama ndangochiponya kumalo ogona. Nthawi imeneyo kumakhala kukuzizira bwino, mpheta zikulira m'mipata ya miyala, alonda ovala mikanjo ya galabeya akumwa tiyi m'timatambula tagalasi. Karnak si nyumba imodzi. Ndi mudzi wa akachisi womwe mafarao pafupifupi 30 anawonjezerapo aliyense chake kwa zaka zoyandikira 2,000, uyu kumanga, winayo kugumula cha mnzake n'kumangira miyala yomweyo. Pakati pake pali holo ya mizati 134, ntchito ya Seti I ndi mwana wake Ramesses II. Mizati 12 yapakati ndi yotalika mamita 21, ndipo anthu asanu ogwirana manja sangauzungulire umodzi.

Ndinakhala pansi moyandikana ndi mzati umodzi pafupifupi ola lathunthu. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Poyamba umangoona ukulu, ndipo ukulu paokha sukhalitsa m'mutu. Kenako maso amayamba kutola zina. Utoto wofiira, wachikasu ndi wobiriwira ukadalipo kunsi kwa miyala yopingasa pamwamba, komwe dzuwa silifika. Mawindo osemedwa pamwala, okhala ngati zisa, ndi amene ankalowetsa kuwala denga likadalipo. Ndiyeno pali kusiyana kwa ntchito. Mbali ya kumpoto, ya Seti, zithunzi n'zotukuka pakhoma, zosalala, ntchito yodya nthawi. Mbali ya kum'mwera, ya mwana wake, zambiri n'zogoba molowa mkati, njira yofulumira. Ukhoza kuwerenga mtima wa bambo ndi wa mwana pamakoma awiriwo usakudziwa ngakhale chilembo chimodzi cha m'malemba awo. Amene anakulira ku Sande sukulu akapezanso khoma lolembedwa mizinda ya ku Kanani yomwe Shoshenq I anaithira nkhondo, amene akatswiri ambiri amati ndiye Sisaki wa pa 1 Mafumu 14, uja anatenga chuma cha m'nyumba ya Yehova m'masiku a Rehobowamu.

Koma chomwe chinatembenuza ulendo wanga ndi chinthu chaching'ono. Pamakoma akunja pali timaenje tambirimbiri tooneka ngati timabwato, totalika ngati chala kapena chikhatho. Akatswiri amati anthu ankapala mwalawo kuti atenge fumbi lake ngati mankhwala kapena madalitso. Munthu wamba sankalowa m'kati mwenimweni mwa kachisi. Kumeneko kunali kwa ansembe ndi farao. Iye ankathera panja, ndipo kum'mawa kwa Karnak kunali kakachisi ka mulungu wakumva mapemphero komwe ankapita kukatula nkhawa zake. Nditaima kuyang'ana timaenjeto ndinaganiza za mayi wa mwana wodwala, atabwera ndi kamwala kopalira, akuyang'ana uku ndi uku. Mzinda wonsewu umafuula za mafumu, koma za anthu ngati mayi ameneyu umangonong'ona, ndipo wothamanga samva zonong'ona.

Masana ku Luxor sayendera. M'miyezi ya June, July ndi August kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo ngakhale m'miyezi yozizira dzuwa la masana limafoola. Ndinadya ful, nyemba zophikidwa mpaka kuphwanyika zothira mafuta ndi ndimu, ndikusuzira buledi, kenako ndinakagona. Lachisanu masana eni mzinda nawonso amakhala kumzikiti.

Kachisi wa Luxor ndi wopitako madzulo, magetsi akayaka. Ali pakati penipeni pa tawuni, magalimoto ndi ngolo za akavalo zikudutsa m'mbali mwake. Amene anayamba kumanga zomwe tikuonazi ndi Amenhotep III, Ramesses II n'kudzawonjezera bwalo ndi chipata chachikulu. Pachipatapo pali chipilala chimodzi chosongoka, ndipo pambali pake pali malo opanda kanthu. Chinzake chinanyamulidwa pa sitima yapamadzi n'kukaimikidwa ku Paris mu 1836, chitaperekedwa ngati mphatso ndi Muhammad Ali, wolamulira Egypt nthawi imeneyo. Mukalowa, kwezani maso kumanzere. Pamwamba pa makoma akale pakhala mzikiti wa Abu al-Haggag, ndipo khomo lake lakale lili m'malere, mamita angapo kuchokera pansi pomwe mwaima, chifukwa nthawi yomwe ankaumanga kachisiyu anali atakwiririka ndi dothi mpaka pamenepo. Mzikitiwu ukugwirabe ntchito. Ndinali m'bwalo la Ramesses pamene mawu oitanira mapemphero a madzulo anamveka pamwamba pa mutu wanga. M'katikati muli chipinda chomwe asilikali a Chiroma anachimata pulasitala n'kujambulapo mafumu awo, ndi china chomwe Alexander wa ku Makedoniya anajambulidwa atavala ngati farao.

Makoma a m'kanjira ka mizati akuonetsa chikondwerero cha Opet, pamene fano la Amun linkatuluka ku Karnak pabwato kubwera kuno chaka chilichonse nyengo ya kusefukira kwa Nile, oimba ng'oma ndi ovina ali m'mbali. Mpaka pano, pa chikondwerero cha Abu al-Haggag chomwe chimachitika Ramadan isanayambe, anthu a ku Luxor amayendetsa mabwato m'misewu ya tawuniyi. Ameneyu si mzinda wakufa womwe mwabwera anthu kudzagulitsamo zipewa. Anthu sanachokemo.

Loweruka ndinalawirira kuwoloka pa boti la anthu wamba, lomwe limachoka pafupi ndi kachisi wa Luxor, pamodzi ndi amayi a madengu ndi anyamata a njinga zamoto. Kumwamba kunali mabaluni a alendo. Tsidya linalo msewu umadutsa m'minda ya nzimbe, kenako mwadzidzidzi zobiriwira zimatha ngati zadulidwa ndi mpeni, chipululu n'kuyamba. Pamalire amenewo pakhala ziboliboli ziwiri za Amenhotep III, zotalika mamita 18, zomwe Agiriki anazitcha za Memnon. Pamiyendo ya chimodzi pali zolemba za alendo a nthawi ya Aroma, ena a iwo anabwera ndi mfumu Hadrian mu 130 AD. Alendo a masiku awiri sanayambe lero.

Ku Chigwa cha Mafumu ndinapitako, ndipo inunso mukapiteko. Sindikunena kuti mukajombe. Tikiti wamba amakulolani manda atatu, ndipo ena otchuka ali ndi tikiti wakewake. Manda a Tutankhamun, omwe gulu la Howard Carter linawapeza pa 4 November 1922 mothandizidwa ndi ndalama za Lord Carnarvon, ndi amodzi mwa ang'onoang'ono m'chigwamo. Mnyamatayu anamwalira asanakwanitse zaka 20. Kutchuka kwake kuli pa katundu woposa 5,000 yemwe anapezeka m'mandamo, ndipo katunduyo anapita naye kumpoto kalekale. Chatsala ndi thupi lake, bokosi lamwala ndi chipinda chimodzi chojambulidwa. Ine ndinalowa manda awiri a mafumu otchedwa Ramesses, ndinayenda pang'onopang'ono m'makonde otsetsereka, denga lonse nyenyezi zachikasu, makoma odzaza kuyambira pansi mpaka pamwamba. Nditatuluka ndinali ndi funso limodzi, lomwe aliyense wochokera kwathu angafunse: adzukulu ake anali ndani? Kwathu timadziwa kuti maliro, ngakhale a mfumu yaikulu, sayenda popanda okumba manda, ndipo anamfedwa anzeru amaonetsetsa kuti chakudya cha adzukulu chapita kumanda pa nthawi yake.

Yankho lili kuseri kwa phiri lomwelo, m'kachigwa kotchedwa Deir el-Medina. Mabasi ambiri safikako. Ndinafika cha m'ma 9 koloko ndipo alendo anali owerengeka. Chomwe umaona ukangotsika ndi makoma a miyala ofika m'chiuno, nyumba pafupifupi 70 zogundizana mbali zonse ziwiri za kamsewu kamodzi kopapatiza, zonse m'kati mwa mpanda. Nyumba iliyonse ndi yowonda ndi yaitali: chipinda cholowera, chipinda chochezera chokhala ndi mwala pomwe pankaima mzati wa denga, kachipinda kogona, khitchini kumbuyo. Mudziwu unayamba cha m'ma 1500 BC, m'masiku a Thutmose I, ndipo munakhala anthu zaka zoposa 400. Eni ake ankadzitcha atumiki a Malo a Choonadi. Anali osema miyala, omata pulasitala, ojambula ndi opaka utoto, ntchito ikuchoka kwa bambo kupita kwa mwana. Manda onse omwe alendo amaimira pamzere kuti awaone anatuluka m'manja mwa anthu a m'kamsewu kameneka.

Ndipo timawadziwa bwino kuposa momwe timadziwira mafumu awo. Ambiri a iwo ankatha kulemba, ndipo ankalemba pamapale ndi patizidutswa ta miyala toyera totsalira posema. Pafupi ndi mudziwu pali dzenje lakuya mamita oposa 50, lomwe akatswiri amaganiza kuti anakumba pofuna madzi koma osawapeza, kenako linasanduka dzala. Pofukula mudziwu, ntchito yomwe Bernard Bruyère wa ku France anaitsogolera kuyambira 1922 mpaka 1951, anapeza mapale olembedwa masauzande ambiri: makalata, ngongole, milandu, madandaulo a pakati pa anansi. Tikudziwa kuti antchito ankagawidwa magulu awiri, la kumanja ndi la kumanzere ngati opalasa bwato, lililonse ndi kapitawo wake. Tikudziwa kuti mlembi ankawerenga zingwe za nyale zomwe wapereka tsiku lililonse, ndipo zosemera za mkuwa ankaziyeza kulemera pobweza kuti wina asabenthuleko. Malipiro a mmisiri pa mwezi anali matumba anayi a tirigu ndi thumba limodzi ndi theka la balere. Madzi ankabwera pa abulu, poti m'mudzimo munalibe chitsime. Sabata yawo inali ya masiku 10: asanu ndi atatu ankagwira ntchito akugonera m'misasa yamiyala pamwamba pa phiri, awiri otsalawo ankatsikira kumudzi kwa akazi ndi ana awo. Nawonso anali ndi masiku awiri okha, ndipo ambiri ankawathera kupanga mabokosi a maliro ndi mipando yogulitsa, kapena kukongoletsa manda awoawo.

Ku British Museum ku London kuli mwala wa m'chaka cha 40 cha ulamuliro wa Ramesses II, kaundula wa ojomba kuntchito. Pali mayina 40, ndi zifukwa zolembedwa ndi utoto wofiira. Uyu akudwala maso. Uyu walumidwa ndi chinkhanira. Uyu akufulula mowa. Uyu akukulunga mtembo wa mayi ake. Aliyense amene anagwirapo ntchito pakampani kapena m'boma amudziwa kaundula ameneyu. Palinso chikalata cha mayi wina wa m'mudzimo, Naunakhte, amene atakalamba anapita pabwalo la milandu n'kunena kuti analera ana asanu ndi atatu, koma ena mwa iwo sanamusamale pa ukalamba wake, choncho amenewo asadzalandire katundu wake. Nkhani imeneyi ndaimvapo pabwalo la mfumu kwathu, mayina okha ndi amene anali ena.

Koma nkhani yaikulu ya mudziwu ndi ya m'chaka cha 29 cha Ramesses III, m'zaka za m'ma 1150 BC. Tirigu wa malipiro anachedwa. Antchito anadikira, kenako anataya zida, kudutsa malo a alonda, n'kukakhala pansi kuseri kwa kachisi wa Thutmose III, akunena kuti ali ndi njala ndipo masiku 18 a mweziwo adutsa kale. Masiku otsatira anakalowa ku kachisi wa Ramesses II, womwe lero umatchedwa Ramesseum. Anauza akuluakulu kuti alibe zovala, mafuta, nsomba ngakhale ndiwo zamasamba, ndipo uthenga upite kwa farao ndi kwa nduna yaikulu. Anapatsidwako tirigu, malipiro anachedwanso, iwo ananyanyalanso. Mlembi Amennakht analemba zonsezi pagumbwa lomwe pano lili ku Turin, ku Italy. Imeneyi ndiyo sitalaka yakale kwambiri yomwe ili ndi mbiri yolembedwa bwino. Anthu amenewa ankakumba manda a munthu amene dziko lonse linkamutenga ngati mwana wa mulungu, koma chakudya chitachedwa anakhala pansi.

Manda a antchitowa ali pamtunda pang'ono, moyang'anizana ndi nyumba zawo. Ndinatsikira m'manda a Sennedjem, omwe anapezeka mu 1886 asanabedwe. Masitepe ake ndi otsetsereka, opapatiza, ofunika kuwerama, ndipo m'katimo mumatentha ngati mu uvuni. Chipinda chake n'chaching'ono, chosakwana anthu khumi, koma utoto wake uli ngati wapakidwa dzulo. Pakhoma lakum'mawa Sennedjem ndi mkazi wake Iyneferti ali m'munda wa kumoyo wina, atavala zoyera. Iye wagwira pulawo yokokedwa ndi ng'ombe ziwiri, mkazi ali pambuyo akufesa. Pamwamba pake akukolola tirigu wotalika, mwamuna akumweta ndi chisikilo, mkazi akutolera ngala m'dengu. Mmunsi muli mitengo ya kanjedza yolemera ndi zipatso, madzi azungulira mbali zonse. Munthu amene moyo wake wonse anauthera m'chigwa chopanda ngakhale udzu, akumwa madzi a pabulu, atafunsidwa kuti kumwamba kuli chiyani anajambula munda wothirira, ng'ombe ziwiri ndi mkazi wake. Mlonda wachikulire amene anali pakhomo anandisiya ndikhale momwemo mpaka thukuta linandinyowetsa malaya onse, iye akudzikupiza ndi kachidutswa ka katoni.

Madzulo ake ndinapita ku Ramesseum, komwe onyanyala aja anakakhala. Alendo amene amafikako amajambula chiboliboli chachikulu cha Ramesses chomwe chagona pansi chosweka. Mutu ndi chifuwa cha china chinakokedwa ndi Giovanni Belzoni mu 1816 ndipo chili ku London. Ine ndinapita kuseri, komwe kwatsala mizere ya nkhokwe za zidina zokhala ndi madenga okhota. M'menemo ndi momwe munkasungidwa tirigu. Ukaima pakhomo la nkhokwe imodzi n'kuyang'ana njira yomwe anthu anjala aja anadzera, sipafunika wina wokufotokozera chifukwa chake anasankha kukakhala pamenepo.

Ndikudziwa zomwe ena anene, chifukwa mnzanga uja anazinena kale. Ndalama ya ndege kuchokera ku Lilongwe kapena ku Lusaka, kudzera ku Addis Ababa kapena ku Nairobi, si yamasewera. Munthu amapita kamodzi pa moyo wake. Angabwerere bwanji osaona kachisi wa Hatshepsut, mkazi amene analamula ngati farao, wokhala ndi zithunzi za ulendo wamalonda wa ku dziko la Punt? Osakwera baluni? Mawu amenewa ali ndi mphamvu, ndipo kachisi wa Hatshepsut ndimamulakalaka mpaka pano. Koma kupita kamodzi ndiye chifukwa chenicheni chochepetsera liwiro. Amene adzabwerenso akhoza kungodutsa lero n'kudzaonetsetsa mawa. Amene sadzabwerenso ayenera kunyamula chinthu chomwe chingakhale m'mutu mwake zaka 30, ndipo zinthu zotere sizilowa pa mphindi khumi.

Ena anena kuti ndikungokondera osauka, zokongola zenizeni zili m'manda a mafumu. Choyamba, anthu a ku Deir el-Medina sanali akapolo kapena amphawi. Anali amisiri olemekezeka, okhala ndi owatungira madzi ndi owachapira zovala. Chachiwiri, zokongola za m'manda a mafumu ndi zawo zomwezo. M'manda a Horemheb, omwe sanamalizidwe, makoma akuonetsa ntchito ili m'kati: wojambula woyamba analemba ndi utoto wofiira, mkulu wake n'kudzakonza ndi wakuda, wosema n'kuyamba kugoba koma osafika kumapeto. Ukadziwa mudzi womwe manja amenewo ankagona, khoma la mfumu limasiya kukhala chozizwitsa chogwa kumwamba. Limakhala ntchito ya munthu amene mwina tsiku limenelo anabwera maso akumuwawa. Kwa ine zimenezo zimakuza khomalo.

Palinso chifukwa china chochepetsera manda olowa. Mpweya ndi thukuta la anthu masauzande tsiku ndi tsiku zimanyowetsa makoma omwe anakhala ouma zaka 3,000, ndipo utoto umayamba kusuluka. N'chifukwa chake akuluakulu amatseka manda ena mosinthanasinthana, ndipo mu 2014 anatsegula chifaniziro cha manda a Tutankhamun pafupi ndi nyumba yomwe Carter ankakhala. Akachisi nawo ali ndi mdani wawo. Kuyambira pomwe damu la Aswan linamalizidwa mu 1970 Nile sasefukiranso, minda imathiriridwa chaka chonse, madzi apansi amakwera ndi mchere n'kumadya matsinde a miyala. Mlendo amene walowa manda awiri n'kuwaonetsetsa wawononga zochepa kuposa amene wapuma m'manda asanu ndi atatu osakumbuka alionse.

Za amoyo ndisabise: mavenda a ku Luxor amatopetsa. Sungayende mamita 50 m'mbali mwa mtsinje osaitanidwa kukwera bwato kapena ngolo. Woyendetsa ngolo wina tinagwirizana mtengo, pofika n'kunena kuti mtengowo unali wa munthu, wa kavalo ndi wapadera, ndipo tinakangana pamsewu mpaka ndinalipira ndili wokwiya. Alendo ambiri amabwerako akudandaula zimenezi, ngati kuti mzindawu ukanakoma pakanapanda eni ake. Maganizo amenewo ndimawakana. Mzinda womwe mphika wake uli pa alendo umagona ndi njala alendo akasiya kubwera, ndipo Luxor waziona kangapo: pa 17 November 1997 zigawenga zitapha anthu 62 pa kachisi wa Hatshepsut, mu 2011 dziko litagwedezeka ndi zionetsero zomwe zinachotsa Hosni Mubarak, ndi mu 2020 nthawi ya Covid-19. Kavalo amadya tsiku lililonse, kaya alendo alipo kaya palibe. Mawu oti la, shukran, ayi zikomo, onenedwa ukumuyang'ana munthu kumaso, amagwira ntchito kuposa kumudutsa ngati chitsa.

Ndipo anthuwa alipirapo kale mtengo kuti ife tizijambula bwino. M'mbali mwa phiri la kumadzulo munali mudzi wa Qurna, womwe nyumba zake zinamangidwa pamwamba pa manda a nduna, makoma ake ojambulidwa ndege ndi sitima za eni nyumba amene anapita ku Mecca. Boma linayesa kuwasamutsa m'zaka za m'ma 1940, katswiri wa zomangamanga Hassan Fathy atawamangira mudzi watsopano wa zidina, koma ambiri anakana. Kuyambira kumapeto kwa 2006 nyumbazo zinagumulidwa ndipo mabanja anasamutsidwira kutali ndi phirilo. Msewu wa ziboliboli wa makilomita 2.7 wolumikiza Karnak ndi kachisi wa Luxor, womwe unatsegulidwa ndi chikondwerero chachikulu mu November 2021, nawo unadutsa pomwe panali nyumba za anthu. Zifukwa zake zilipo ndipo si zabodza: madzi otayidwa m'nyumba ankawononga manda, ndipo mbiri ya kuba zinthu zakale inalipo. Komabe zimandipweteka kuti timalipira tikiti kukaona mudzi wa antchito omwe anafa zaka 3,000 zapitazo, pomwe mudzi wa antchito amoyo, amene makolo awo ananyamula madengu a dothi pofukula manda onsewa, unachotsedwa kuti phiri lioneke loyera.

Ndinawoloka kubwerera dzuwa likulowa kuseri kwa phiri la manda. Pa boti panali bambo wina fumbi loyera lili m'tsitsi ndi m'nsidze, khasu lalifupi lili pakati pa miyendo, akusinza. Pambali pake mayi anali atafungatira mikate yozungulira ya aish shamsi, buledi wa kum'mwera kwa Egypt yemwe amamufufumitsa padzuwa. Ndinatulutsa kapepala kaja. Panatsala malo 8, ndipo pamwamba pake panali Medinet Habu, kachisi wa Ramesses III, mfumu yomwe inachedwetsa tirigu uja. Ndi m'kati mwa mpanda wa kachisi ameneyo momwe mabanja otsiriza a ku Deir el-Medina anathawira, chigwa chawo chitasiya kukhala chotetezeka, mudzi wawo n'kutsala bwinja.